Nshawa za Atate ndi Makina a ku Boma

Galu wathu anamupha Lachitatu masana, dzuwa likuswa mtengo. Anamuthyola msana ndi mpini wa khasu, n'kumupachika pa mtengo wa mpoza wa m'malire a munda wathu wa nshawa. Atate, a Francisco, atapita kuti akamutsitse, mwala unatulukira m'chimanga cha eni ake n'kuwang'amba khutu lamanzere. Woponya sanaoneke. Uthenga unandipeza ku boma, kumene ndinkatayipa makalata mu ofesi ya bungwe lina la zaulimi, ndipo ndinapalasa njinga mpaka kwathu ku Pembamoyo osaima ngakhale pomwa madzi. Munali mu Febuluwale wa 1999.

Ine ndine Tiyanjane, koma dzinalo lisakunamizeni. Ndinabadwa ndi mtima wapachala, ndipo tsiku limenelo ndinalowa m'mudzi ndikutukwana aliyense wondiyang'ana. Mayi wina pachitsime analavulira malovu tayala la njinga yanga. Ndinatsika, ndinamukhuthulira madzi ake omwe pamutu, kenako ndinamumenya ndi ndowayo mpaka chogwirira chinapindika. Sindinyadira zimenezo, koma ndinganame nditati sizinandikomere.

Mlandu wa atate unali umodzi: nshawa zawo zinkakana kudwala. Zaka ziwiri zotsatizana matenda a kadukutu anagwa m'dera lonse. Nshawa za anthu zinkangopinimbira, masamba kuchita chikasu n'kukwinyika, ukazula osapeza kanthu pansi. Koma zathu zinali biriwiri. Inali mbewu imene amayi anamanga m'kansalu pothawa nkhondo ku Mozambiki mu 1986, nshawa zing'onozing'ono zimene anthu ankaziseka kuti ndi za othawa, ogula a ku Chipata sazifuna. Chaka choyamba anthu anati ndi mwayi chabe, ndipo atate analonjeza kugawira aliyense mbewu. Koma mvula isanagwe mlongo wanga Agostino, mnyamata wa zaka makumi awiri, anadwala mutu masiku atatu n'kumwalira. Kuchokera pamenepo palibe anafunanso kukhudza mbewu yathu. Anthu anayamba kunong'ona kuti atate ali ndi mfumba, mankhwala okokera zokolola za anzako m'munda mwako, ndipo chizimba chake chinali mwana wawo yemwe.

Wotsogolera nkhaniyi anali a Zakalia, eni munda woyandikana ndi wathu. Iwowa ndi amene anatipatsa malo titangofika, ndi amenenso anaimira Agostino pa ubatizo. Ankamukonda mnyamatayo kuposa ana awo obereka. Chikondi chija chitasowa pokhala chinasanduka njiru, ndipo njiru ya munthu wolira ndi yoopsa kuposa ya munthu wanjala. A Zakalia anali nazo zonse ziwiri.

Ndinapeza atate atakhala pakhonde, amayi, a Regina, atawagwira mutu. Ndinasungunula mchere m'madzi n'kuyamba kutsuka khutulo.

"Mawa tipite kupolisi, atate."

"Apolisi adzatilondera munda mpaka tikolole?" anatero atate. "Akuti Lamulungu mapemphero akatha tikakambe pabwalo la tchalitchi. A Zakalia anena kuti ndikalephera kufotokoza, tibwerere kumene tinachokera. Tikakana, atinyamula okha."

"Tibwerere kuti? Kumabwinja?"

"Nanga ndikafotokoza chiyani, mwana wanga? Ine ndimalima monga alimira aliyense."

"Simukafotokoza ndinu," ndinatero. "Akafotokoza ndi makina."

Nkhani ya makinawo inali yotere. Chaka chapitacho a Davison, katswiri wa mbewu wochokera ku Chipata amene ndinkawatayipira makalata, anadzathyola masamba a nshawa zathu n'kuwatumiza kunja. Kumeneko anawapima n'kubweza mndandanda wa tinthu ta chibadwa, tija timachititsa kuti mwana atenge mphuno ya atate ake, mbewu itenge khalidwe la mbewu imene inaibala. Mndandandawo unali ndi mayina makumi atatu ndi asanu ndi awiri, a tinthu timene timadzuka mu nshawa zathu matenda akayandikira. Koma mayinawo anali zilembo ndi manambala chabe, osauza munthu kanthu. Kuti udziwe ntchito ya kanthu kalikonse unkayenera kuwerenga zimene akatswiri a maiko onse analembapo, mulu woti sungaumalize ngakhale utamera imvi. Ndiye a Davison anali atapanga pulogalamu pa kompyuta ya mu ofesi. Unkailembera mayinawo, n'kumailowetsera timbale tonyezimira tokhala ndi zidule za zolemba zikwizikwi. Iyo inkasakasaka dzina lililonse, n'kumawerengera mawu amene amakonda kupezeka pafupi nalo.

Ndinawafotokozera atate zonsezi, koma pakamwa panga sipadziwa malire. Ndinaonjezera zanga.

"Makinawo amawerenga zolembedwa zonse?" anafunsa atate.

"Zonse, atate. Za dziko lonse lapansi."

"Ndi za ku Mozambiki zomwe?"

"Ndi zomwe. Palibe chobisika kwa iwo. Chimene munthu anakwirira, iwo amachifukula."

Atate anayang'ana m'manja mwawo. Amayi anandiponyera diso limene sindinalimvetse. Ine ndinabwerera ku boma ndikudziyamikira kuti ndawalimbitsa mtima.

Lachinayi a Davison analonjeza kuti adzabwera okha Lamulungu kudzalankhula ndi anthu. Koma Lachisanu kunabwera foni yoti akazi awo agonekedwa m'chipatala ku Chipata, ndipo anathamangira minibasi. Pakhomo la ofesi anatembenuka.

"Tiya, makinawo usawayatse ndisanabwere. Awa samva kanthu, amangowerengera. Ali ngati munthu wowerenga ng'ombe pa dipi: akuuza kuti zadutsa mazana awiri, koma sadziwa kuti iyi ndi ya yani. Pepala lake limafuna womasulira."

"Nanga za Lamulungu?"

"Uwauze adikire sabata imodzi."

"Anthu opachika galu masanasana amadikira sabata, a Davison?"

Minibasi inali ikuliza kale hutala, ndipo anathamangira kukakwera.

Loweruka m'mawa ndinatsegula ofesi ndekha n'kuyatsa jenereta. Ndinali nditawaonerera a Davison kokwanira. Ndinatayipa mayina onse aja mosamala, chilembo ndi chilembo, n'kudina. Makinawo anang'ung'udza maola anayi, akundipempha kambale kena ndi kena. Kenako pulinta inayamba kulira, ikulavula pepala lalitali la timabowo m'mbali.

Pamwamba penipeni panali mawu amene anapezeka kawirikawiri pafupi ndi mayina onse pamodzi, lililonse ndi nambala yake. Liwu loyamba linali imfa, maulendo mazana asanu ndi limodzi kudza khumi ndi awiri. Lachiwiri ndi limene ndinkafuna ine, lonena za kukana matenda. Munsi mwake makinawo anasankha chiganizo chimodzi m'zolemba za akatswiri, chonena kuti chomera chikagwidwa ndi matenda chimapha tizigawo take tomwe tozungulira bala kuti chonsecho chipulumuke. Ine ndinamva tanthauzo lake: n'chimodzimodzi kudula povunda pa dzungu kuti kwinako kudyeke. Ndinaganiza kuti si nkhani. Ndikawerenga ndekha, ndikayambira mzere wachiwiri, ndikadumpha chiganizocho. Ndinatenga chidindo cha ofesi n'kudinda pansi pa pepalalo, chifukwa kwathu pepala lopanda chidindo amakulungira fodya.

Lamulungu tchalitchi chinadzaza kuposa pa Pasaka. Tchalitchi chathu chinali chadothi, ndipo pambali pake panali mulu wa njerwa zowotcha zomangira chatsopano, zimene tinaumba tonse, atate ali patsogolo. Wansembe ankabwera kamodzi pa miyezi iwiri, choncho mapemphero ankatsogolera aphunzitsi a Simoni, katekisiti wathu. Mapemphero atatha anatulutsa mabenchi pabwalo. Atate anawakhazika pa benchi yawoyawo pakati, amayi pansi pambali pawo. Ndinaona kuti amuna ena abwera ndi makasu, tsiku la Mulungu.

A Zakalia analankhula choyamba. Sanakuwe. Anafotokoza za munda wawo wofiira ngati wawauka, mkono umodzi kuchoka pa munda wathu wobiriwira. Anafotokoza za Agostino, mmene anamugwirira paphewa pa ubatizo, ndipo mawu anawathawa. Amayi ambiri anayamba kufwenthera.

Ndinaimirira n'kutambasula pepala langa mpaka linafika pansi.

"Nayu mboni," ndinatero. "Uyu alibe m'bale muno, sadya kwa munthu. Wawerenga mabuku a dziko lonse za nshawa za atate. Nachi chidindo."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe, koma mkulu wina wa tchalitchi anakweza dzanja.

"Mwana iwe, kalata ya mlandu sawerenga mwini mlandu. Pereka kwa aphunzitsi."

Ndinali nditaiwala mwambo wa pabwalo pathu pomwe. Kalata iliyonse yokhudza anthu, kaya ya abishopu kaya ya kuboma, ankawerenga a Simoni ataimirira, akumasulira mzere ndi mzere. Ndipo a Simoni sankadumpha kanthu. Anthu ankawaseka kuti akapatsidwa buku la nyimbo amawerenga ndi dzina la osindikiza lomwe. Chifukwa cha chimenecho mudzi wonse unkawakhulupirira.

"Aphunzitsi, pepalali ndi lovuta," ndinatero. "Muyambire apa."

"Chovuta n'chiyani poyambira pamwamba?" anafunsa a Zakalia. "Ukubisa chiyani?"

Mnyamata wina wamkulu thupi anandipotokola dzanja n'kulanda pepalalo. A Simoni anavala magalasi awo. Anawerenga tsiku, anawerenga dzina la ofesi, anawerenga kuti mayina ofufuzidwa ndi makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Kenako anaima pang'ono, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Liwu lopezeka koposa onse," anatero. "Imfa. Maulendo mazana asanu ndi limodzi kudza khumi ndi awiri."

Phokoso linayenda m'mabenchi. Ndinakuwa kuti apitirize, awerenge lachiwiri. Anawerenga la kukana matenda lija, koma linagwera m'madzi. Kenako anafika pa chiganizo. Ndinaona milomo yawo ikuyesa kaye Chingerezicho chamumtima, ndipo ndinawapempha ndi maso. Anali munthu woona, ndipo kuona kwawoko ndi kumene kunatipha.

"Akuti chimapha zake zomwe," anatero pang'onopang'ono, "kuti chonsecho chipulumuke."

"Akunena masamba!" ndinakuwa. "Masamba a nshawa! Monga kudula povunda pa dzungu! Atate, auzeni!"

Ndikanena zoona, mpata unalipobe. Ena anali atayamba kufunsana kuti kodi masamba amapha bwanji. A Simoni anali atakweza dzanja kuti anthu andimvere. Atate akanangoseka, kapena akanangokhala chete, mwina tikanabwerera kunyumba. Koma atate anaimirira. Nkhope yawo inali itatuwa, ndipo sankayang'ana a Zakalia kapena khamulo. Ankayang'ana pepala lija.

"Khalani pansi, bambo," anatero amayi, akuwakoka buluku. "Ndapota nanu, khalani pansi."

"Makinawa sananame," anatero atate. "Mwana wanga anandiuza kuti amafukula zokwiririka. Afukula." Anatambasula manja onse awiri. "Ndinapha mwana wanga ndi manja awa, kuti tonse tipulumuke."

Chimene ndikumbukira ndi mawu a a Zakalia, kulira kwa munthu wobayidwa, ndi njerwa imene inawapeza atate pakamwa. Mano anagwera pa benchi. Atate anayesa kulankhulabe, ndinamva akuti, "Pamtsinje," koma njerwa yachiwiri inawamenya pamphumi ndipo anagwa chagada.

"Si Agostino!" amayi ankakuwa. "Sakunena Agostino! Akunena Mailesi!"

Palibe anamva, ndipo akanamva sakanadziwa. Mailesi anali mng'ono wanga wakhanda amene tinachoka naye ku Mozambiki koma sitinafike naye ku Zambia. Ine ndinakula ndikudziwa kuti anafa ndi malungo panjira. Ku Pembamoyo kunalibe munthu anamvapo dzina lake.

Mulu wa njerwa uja unatha ngati ukugawidwa. Amuna amene atate anawaphunzitsa kuumba njerwazo ankazinyamula ziwiriziwiri. Ena anagulula makasu n'kutsala ndi mipini. Amayi anadzigwetsa pamwamba pa atate, ndipo mpini wina unawathyola mkono, ndinamva kulira kwa fupa ndili mapazi khumi. Anawakoka miyendo n'kuwataya pambali ngati thumba. Mayi wa pachitsime uja anandigwira tsitsi chakumbuyo. Ndinamuluma chala mpaka ndinamva fupa, anandisiya. Ndinanyamula benchi, sindidziwa mphamvu zinachokera kuti, n'kuigwetsera pamisana ya amuna atatu. Ndinatola chidutswa cha njerwa n'kuwamenya nacho a Zakalia patsaya, munthu amene anandigulira yunifolomu yanga yoyamba ya sukulu. Magazi anatuluka, koma sananditembenukire n'komwe. Ankaponda atate pachifuwa akulira, akutchula dzina la Agostino.

A Simoni ankaliza belu la tchalitchi, chitsulo cha gudumu la galimoto chopachika pamtengo, akukuwa kuti, "Akhristu! Akhristu!" Wina anawakankha, magalasi anagwa n'kupondedwa. Ine wina anandimenya ndi mpini kumbuyo kwa mutu, ndipo ndinaona dziko likutembenuzika.

Chimene chinatsiriza nkhondoyo si chifundo. Wina anakuwa kuti, "Kumunda! Tikazule mfumbayo!" ndipo khamu lonse linathamangira kumeneko. Nditadzuka pabwalo panali mabenchi ogubuduzika, nsapato zotayika ndi njerwa zofiira kawiri. Chakumadzulo utsi unali utayamba kukwera: nyumba yathu, nkhokwe, ndi mbewu yonse imene inatsala. Kumunda ankazula nshawa zosakhwima, akuimba nyimbo.

Atate anali akupumabe. A Simoni anathamanga kukamanga ng'ombe zawo pa ngolo, ndipo tinawakweza. Amayi anakwera okha, mkono uli lende, osalira. Ine ndinaika mutu wa atate pamiyendo panga. Kachipatala kathu kanali ulendo wa ola limodzi pa ngolo, ndipo a Simoni ankayenda patsogolo akukoka ng'ombe, akulira ngati mwana, akupunthwa chifukwa chosaona.

"Atate, mwachitiranji zimenezi?" ndinafunsa. Ndinali nditakwiya nawo, ndikuvomera. Munthu akufa pamiyendo panga, ine nditamukwiyira. "Mwanamiranji?"

"Sindinaname." Mawu ankatuluka movuta, ndi magazi. "Regina, muuze."

Amayi analankhula akuyang'ana kutsogolo, ku nyanga za ng'ombe.

"Unali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinabisala m'bango pamtsinje, anthu makumi awiri ndi anayi osawerengera khanda, madzi ali m'chiuno. Asilikali anakhala pagombe pamwamba pathu n'kuyamba kudya. Iwe ndinakukanikiza nkhope pamimba panga. Mailesi anayamba kulira. Ndinamupatsa bere, munalibe kanthu. Anthu onse ankatiyang'ana. Atate ako anamutenga." Anagwirizira mkono wothyoka uja. "Asilikaliwo anadya mosafulumira."

"Ndinangoti ndimutseke pang'ono," anatero atate. "Pang'ono pokha."

"Tinamukwirira mumchenga ndi manja," anatero amayi. "Wosabatizidwa, wopanda mtanda. Tinapangana kuti ndi malungo."

Ngolo inagwera m'dzenje, atate anabuula. Ndinawapukuta pakamwa ndi chitenje changa. Zaka khumi ndi zitatu ndinkadya nawo mbale imodzi osadziwa. Ndipo ine, ndi pakamwa panga posadziwa malire, ndinawauza kuti ku boma kuli makina ofukula zokwiririka. Iwo anakhala masiku anayi akudikira kuti afukulidwe pamaso pa mudzi wonse, ndipo anapitabe kutchalitchi atavala jekete lawo labwino.

"Tiya." Atate anandifunafuna ndi diso limodzi limene linkatsegukabe. "Pepala lija. Aphunzitsi sanamalize."

"Musalankhule, atate."

"Munsi muja. Dzina lake lilimo?"

Ndinkadziwa zimene zinali munsi muja: zilembo, manambala, mayina a azungu olemba mabuku. Ndinkadziwa kuti makinawo sanamvepo za Mailesi, za mtsinje, ngakhale za atate. Ndikanawauza choonadi, ndiye kuti ndikanawauza kuti aulula pachabe, afera pachabe. Amayi anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Lilimo, atate," ndinatero.

"Analemba bwino?"

"Analemba bwino. Mailesi, mwana wa Francisco ndi Regina."

Anatseka diso lija. Chifuwa chawo chinatsika, ndipo nkhope yophwanyikayo inamasuka mmene sindinaionerepo.

"Ndiye alipo penapake," anatero. "Ndinkaopa kuti palibe pamene analembedwa."

Anamwalira tikuona denga la malata la kachipatala. A Simoni sanadziwe, anapitiriza kukoka ng'ombe mpaka pakhomo, ndipo ife sitinawauze.

Apolisi anabwera Lolemba n'kutenga amuna asanu ndi mmodzi, a Zakalia ali pakati pawo. A Davison anafika Lachiwiri. Ndinawapeza mu ofesi, atamva kale zonse. Anayatsa kompyuta n'kuyang'ana zimene ndinachita, ndipo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Sunalakwitse potayipa," anatero. "Koma Tiya, liwu la imfali silikunena za nshawa zanu n'komwe. Tinthu tofanana ndi timeneti akatswiri anatifufuza kwambiri mu fodya ndi mu tomato, ndipo kumeneko analemba zambiri za masamba odzipha okha. Za nshawa analemba zochepa. Za nshawa zanu palibe analembapo ngakhale mzere umodzi. Makinawa anangowerengera zimene zachuluka."

"Ndiye atate afera fodya wa azungu."

Anayamba kunena kuti mwina ku Chipata kunatsala timbewu pang'ono m'botolo, koma ndinawauza kuti atseke pakamwa, bwana wanga, ndipo anatseka. Ndinafuna kunyamula kompyutayo n'kuiswera pansi. Manja anali atagwira kale m'mbali mwake. Koma panali ntchito imodzi imene ndinkafuna indigwirire.

Ndinakhala pampando n'kutsegula tsamba loyera. Ndinatayipa kuti: Mailesi, mwana wa Francisco ndi Regina, wa miyezi inayi, anafera m'bango pamtsinje mu 1986, anthu makumi awiri ndi anayi anapulumuka. Pulinta inalira kamphindi kochepa chabe. Ndinang'amba pepalalo n'kulipinda.

Maliro anali Lachitatu ku boma, chifukwa amayi anakana kuti atate akagone ku Pembamoyo. Anthu anali ochepa. Tisanatuluke nawo ndinatsegula jekete la atate kuti ndilowetse pepalalo m'thumba lamkati, koma amayi anandigwira ndi dzanja lawo lamoyo. Iwo sadziwa kuwerenga. Anandipempha kuti ndilitambasule, ndiwalozere pamene pali dzinalo. Ndinawalozera. Anaikapo chala chawo, ndipo sanachichotse mpaka anthu anabwera kudzatseka bokosi.